Kodi thupi la Yesu linanyemedwa? Tanthauzo ndi galamala ya mneni wa Chigiriki "klao"

Funso: "Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndayamba kuphunzira Chigiriki pandekha ndi buku limene mwana wanga ananditumizira. Pa Mgonero wa Ambuye ndimamva alaliki ena akunena kuti 'ili ndi thupi langa lonyemedwa chifukwa cha inu'. Koma pa 1 Akorinto 11:24 mu Buku Lopatulika mawu oti 'lonyemedwa' sindikuwaona, pomwe Baibulo la Chingerezi la King James lili nawo. Komanso Yohane 19:36 akuti fupa lake silinathyoledwe. Nditatsegula Chigiriki ndinapeza eklasen, dikishonale n'kunditumiza ku klao, ndipo pena ikuti klao ndi kulira. Kodi omasulira Baibulo lathu anachotsa mawu? Nanga mneniyu amatanthauza chiyani kwenikweni?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Mtima ukhale m'malo: palibe amene anakubisirani mawu, Paulo sakutsutsana ndi Yohane, ndipo dikishonale yanu siyolakwika. Mwangofika pamphambano pamene zinthu zitatu zakumana, tanthauzo la mneni, kasinthidwe kake, ndi mbiri ya kakoperedwe ka malemba. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chigiriki cha Chipangano Chatsopano, ophunzira akhama ndi amene amapunthwa pamenepa, chifukwa ndiwo amayerekeza vesi ndi vesi. Tiyeni tipite pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi chinthu chimene inu mukuchidziwa kale. M'Chichewa sitinena kuti munthu wanyema mwendo, kapena wang'amba mphika, kapena waswa nsalu. Mwendo umathyoka, mphika umasweka, nsalu imang'ambika, buledi timanyema. Chingerezi chimatha kuunjika zambiri mwa izi pa mneni mmodzi, n'chifukwa chake wowerenga King James amaona mawu ofanana pa 1 Akorinto 11:24 ndi pa Yohane 19:36 n'kuganiza kuti akukamba chinthu chimodzi. Chigiriki chili ngati Chichewa pankhaniyi: chimasiyanitsa. Pa matumba achikopa ophulika ndi vinyo watsopano, Marko 2:22 ali ndi rhegnymi. Pa chinsalu cha m'Kachisi chong'ambika pakati, Marko 15:38 ali ndi schizo. Mayi woswa nsupa ya mafuta onunkhira pa Marko 14:3 ali ndi syntribo, kutanthauza kuphwanya kapena kuteketa. Kuthyola miyendo ya opachikidwa pa Yohane 19:31-33 ndi katagnymi. Kuphwanya lamulo kapena Sabata, monga pa Mateyu 5:19 ndi Yohane 5:18, ndi lyo, mneni amene poyamba amatanthauza kumasula. Ndiye pali klao, κλάω, amene inu mwafunsa.

M'Chigiriki chakale kwambiri klao anali mneni wa kuthyola kanthu ndi dzanja kuchoka pa chinthu chachikulu, makamaka nthambi. Mu Odyssey, ndakatulo yaitali ya Homer, mlakatuli wakale wa Chigiriki, buku lachisanu ndi chimodzi, Odysseus atadzuka ali wamaliseche m'mbali mwa nyanja anathyola nthambi ya masamba ndi dzanja lake kuti adziphimbe, ndipo mneni wake ndi yemweyu. Theophrastus, wophunzira wa Aristotle amene analemba za zomera, anagwiritsa ntchito mneniyu pa kudulira mpesa. Akatswiri ambiri amati klados, nthambi, ndi klema, nthambi ya mpesa ya pa Yohane 15, ndi abale ake. Tanthauzo lakalelo likuonekabe pa Aroma 11:17-20, pamene Paulo akukamba za nthambi za azitona zimene zinathyoledwa: akuti exeklasthesan, kuchokera ku ekklao, ndiye kuti klao yemweyo ataphatikizidwa ek kumayambiriro. Homer analinso ndi kanenedwe koti mtima wa munthu "unathyoka" ndi mantha kapena chisoni, pogwiritsa ntchito kataklao. Choncho sindikunena kuti mneniyu sangakhudze zowawa m'Chigiriki chonse.

Koma m'Chipangano Chatsopano nkhani ndi ina. Klao, ali yekha osaphatikizidwa kanthu, amapezeka ka 14, ndipo ponse chonyemedwacho ndi mkate. Palibe ndi pamodzi pomwe pamene ndi fupa, mphika, unyolo kapena lamulo. Ali pa kudyetsa makamu (Mateyu 14:19 ndi 15:36, Marko 8:6 ndi 8:19), pa mgonero womaliza (Mateyu 26:26, Marko 14:22, Luka 22:19, 1 Akorinto 11:24), ku Emau (Luka 24:30), pa kusonkhana kwa okhulupirira (Machitidwe 2:46, 20:7, 20:11, 1 Akorinto 10:16), ndi m'chombo cha Paulo pakati pa namondwe (Machitidwe 27:35). Mayina awiri ochokera kwa iye amayendanso ndi mkate: klasis, kunyema, pa Luka 24:35 ndi Machitidwe 2:42, ndi klasma, chidutswa, amene ndi makombo aja anadzaza mitanga 12.

Chifukwa chake ndi mwambo wa pachakudya cha Ayuda. Mkate wawo unali wopyapyala, ndipo unkanyemedwa ndi manja. Mwini nyumba ankautenga, n'kudalitsa Mulungu amene amatulutsa mkate m'nthaka, n'kuunyema, n'kugawira onse okhala pachakudyapo. Apa m'pamene chakudya chinkayambira. Baibulo la Chigiriki la Chipangano Chakale, Septuagint, lili ndi mneniyu pa Yeremiya 16:7, pamene chilango chake n'chakuti sipadzakhala wonyemera mkate anthu olira maliro kuti awatonthoze. Mukuona kuti kunyemako ndi ntchito yachifundo. Mayi akatenga chikondamoyo chimodzi n'kuchinyema kuti ana onse asanu alandireko, palibe amene amati wachiwononga. Wachifikitsa kwa aliyense. Apa m'pamene ndimaima pa mneniyu: m'Chipangano Chatsopano klao ndi mneni wa kugawa, osati wa kuvulaza.

Tsopano galamala. Mawu amene munawapeza, eklasen, ἔκλασεν, agaweni motere: e-kla-s-en. Kwa ife olankhula Chichewa izi sizachilendo, chifukwa a-na-nyem-a amamangidwanso ndi tizidutswa. E- wa kumayambiriro amasonyeza nthawi yakale, kla- ndi tsinde, -s- ndi chizindikiro cha nthawi imene mabuku a galamala amaitcha aorist, ndipo -en akusonyeza kuti wochita ndi mmodzi, "iye". Dikishonale ya Chigiriki imalemba mneni m'maonekedwe a "ine ndikuchita", n'chifukwa chake inakutumizani ku klao. M'malemba enieni klao simudzamuona atalembedwa choncho, chifukwa ali m'gulu la aneni amene a wa kumapeto kwa tsinde amasakanikirana ndi lembo la liwu lotsatira. Kla-o amakhala klo, kla-omen amakhala klomen, kla-ontes amakhala klontes. Ndiye pa 1 Akorinto 10:16 muwerenga "ton arton hon klomen", mkate umene timanyema, ndipo pa Machitidwe 2:46 muwerenga klontes, akunyema. Wophunzira akaona klomen amafufuza tsinde la klo- limene kulibe.

Pali china chimene buku lanu mwina langochitchula m'munsi mwa tsamba. Lamulo limene mwaphunzira likuti aneni a m'gululi amatalikitsa a kukhala e wamtali akafika pa aorist: agapao amakhala egapesa, timao amakhala etimesa. Mukatsata lamuloli mungayembekeze eklesa. Koma klao salitsata. Amasunga a wake wamfupi: klaso, ndidzanyema, eklasa, ndinanyema. Ali ndi anzake ochepa otere, monga gelao, kuseka, amene amakhala egelasa, ndi spao, kusolola, amene amakhala espasa. Aneni amenewa amalowetsanso s mu msintho wochitidwa: eklasthen, ndinanyemedwa, ndi keklasmai, ndanyemedwa. S yemweyo ndi amene mukumuona mu klasma. Ophunzira anga ndimawauza kuti aloweze tsinde ngati klas-, n'kukumbukira kuti s amasowa pa nthawi yatsopano ndi pa imperfect, nthawi yakale ya ntchito yopitirira. Akatero maonekedwe onse amagwirizana.

Za kulira zija, dikishonale yanu yanena zoona, koma ndi mneni wina. Kulira ndi klaio, κλαίω. Anthu a ku Athens ankamutchulanso klao, ndi a wamtali, ndipo ameneyu sasakaniza malembo a liwu monga amachitira mnzake wa kunyema. Madikishonale a Chigiriki chakale amalemba onse awiri motsatizana. M'Chipangano Chatsopano wa kulira amalembedwa klaio, koma msampha uli pa aorist: kunyema ndi eklasen, kulira ndi eklausen. Kusiyana kwake ndi lembo limodzi, u. Tsegulani Mateyu 26, muwapeza onse: pa vesi 26 Yesu eklasen, ananyema mkate, pa vesi 75 Petro eklausen, analira ndi kuwawa mtima. Ndikupempheni, musamange ulaliki woti kunyema ndi kulira ndi mawu amodzi. Kufanana kwa malembo si ubale wa tanthauzo, monga m'Chichewa kulira kwa mwana sikukhudzana ndi ndalama ya ku Turkey yotchedwa lira.

Gawo la galamala limene ndimalikonda kwambiri ndi la aneni oyandikana ndi klao. Chigiriki chimakonda kuika ntchito zokonzekera m'maonekedwe otchedwa participle, amene m'Chichewa timawamasulira ndi "ata-", n'kusiya mneni wamkulu kunyamula chiganizo. Pa Mateyu 14:19 pali klasas edoken: atanyema, anapereka. Mneni wamkulu ndi kupereka. Pa Luka 24:30 pali klasas epedidou: atanyema, anayamba kuwapatsa. Pa Marko 8:6 pali eklasen kai edidou, ndipo pa Marko 6:41 pali kateklasen kai edidou. Apa taonani bwino: kunyema kuli mu aorist, nthawi yongotchula ntchito yonse pamodzi osaitambasula, pomwe kupereka kuli mu imperfect, nthawi yosonyeza ntchito ikupitirira. Ananyema, ndipo ankapereka, ankapereka. Marko akuyendetsa maso athu msanga pa kunyema, n'kuwaimitsa pa manja amene sakuleka kugawa. Pa mgonero womaliza eklasen ndi mneni wamkulu ndithu, koma nthawi yomweyo amatsatiridwa ndi kupereka m'Mateyu, m'Marko ndi m'Luka. M'nkhani za Uthenga Wabwino, kulikonse kumene Yesu akunyema mkate pali anthu oulandira.

Chenjezo limodzi pano. Mudzamva ena akuphunzitsa kuti aorist imatanthauza "kamodzi kokha, osabwerezanso". Si choncho. Aorist sinena kuti ntchito inachitika kangati kapena inatenga nthawi yaitali bwanji. Imangoiona yonse pamodzi. Chiphunzitso choti nsembe ya Khristu inaperekedwa kamodzi chili ndi maziko ake pa Ahebri 10:10, pamene pali mawu enieni onena zimenezo, ephapax. Musachikoloweke pa -s- wa eklasen.

Tifike pa 1 Akorinto 11:24. Vesili lili ndi eklasen m'malemba onse: atayamika, ananyema. Mkangano uli pa mawu a Yesu otsatira. Malemba akale kwambiri olembedwa pamanja amangoti "touto mou estin to soma to hyper hymon", ichi ndi thupi langa la chifukwa cha inu, basi. Umu ndi mmene zilili mu P46, buku la gumbwa la makalata a Paulo la cha m'ma 200, limene masamba ake ena ali ku Dublin ena ku Michigan. Mu Codex Vaticanus ndi Codex Sinaiticus a zaka za m'ma 300. Ndi mu Codex Alexandrinus ya zaka za m'ma 400. Mu Sinaiticus mlembi woyamba sanalembe "lonyemedwa". Dzanja la wokonza wina wa pambuyo pake ndi limene linawonjezera. Malemba ambiri a zaka zotsatira ali ndi klomenon, κλώμενον, participle ya msintho wochitidwa ya nthawi yatsopano, kutanthauza "limene likunyemedwa". Erasmus, posindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki mu 1516, anagwiritsa ntchito malemba ochepa a m'zaka za pambuyozo, ndipo King James ya 1611 inatsata mzere umenewo. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, pa vesili likugwirizana ndi malemba akale aja. Omasulira sanachotse kanthu.

Tidziwa bwanji kuti mawuwo anawonjezeredwa, osati kuchotsedwa? Umboni umene umanditsimikizira ine ndi wakuti alembi sanagwirizane pa mawu oti aikepo. Ambiri anaika klomenon. Mlembi woyamba wa Codex Claromontanus, buku lina lakale la makalata a Paulo, anaika thryptomenon, lonyenyedwa. Mabaibulo akale a Chikoputiki a ku Egypt ali ndi "loperekedwa", mawu a pa Luka 22:19, ndipo Vulgate ya Chilatini imene Akatolika anaigwiritsa ntchito zaka mazana ambiri ili ndi tradetur, lidzaperekedwa. Paulo akanalemba klomenon, n'kovuta kufotokoza chifukwa chimene alembi a m'madera osiyana akanawachotsera kapena kuwasintha. Koma ngati analemba chiganizo chachifupi chimene khutu limamva ngati chatsala pang'ono kutha, n'zomveka kuti aliyense anachimaliza ndi mneni amene anali pafupi: wina anatenga pa eklasen wa m'vesi lomwelo, wina pa Luka.

Tsono Yohane 19. Asilikali anathyola miyendo ya achifwamba awiri, kateaxan, koma ya Yesu sanathyole, chifukwa anamupeza atafa kale. Vesi 36 likuti fupa lake ou syntribesetai, silidzaphwanyidwa, pokumbukira mwanawankhosa wa Paskha wa pa Eksodo 12:46 ndi Numeri 9:12, komanso wolungama wa pa Masalimo 34:20. Aneni ndi katagnymi ndi syntribo. Klao mulibe m'ndime yonseyo. Mukadzafika pa katagnymi musadabwe kuona e pamalo pamene sayenera kukhala, monga mu kateaxei wa pa Mateyu 12:20, amene ndi nthawi yam'tsogolo koma wanyamula e wa nthawi yakale. Kalekale tsinde lake linkayamba ndi lembo lotchedwa digamma, lomveka ngati w, limene linadzasowa. E amene ankaima patsogolo pake anakakamira, mpaka olankhula anayamba kumuona ngati mbali ya tsinde.

Nanga alaliki onena kuti "lonyemedwa" achimwa? Sindikuona choncho, ndipo sindingakondwe mutatenga yankho ili n'kukachita nalo mkangano kuvesitili. Mawuwa akhala m'mapemphero a mpingo kwa zaka zoposa chikwi. Mwambo wa Ukaristiya wa Chigiriki wodziwika ndi dzina la John Chrysostom uli ndi klomenon mpaka lero. Chrysostom yemweyo, amene anamwalira mu 407, analiona funso lanuli. Polalikira pa 1 Akorinto 10:16 anakumbutsa omvera ake kuti pamtanda fupa silinathyoledwe, n'kufotokoza kuti pa Mgonero Khristu amalola kunyemedwa kuti akhutitse onse. Ngakhale iye anamva mneniyu ngati wa kugawa. Vuto limabwera pamene mlaliki atenga "lonyemedwa" n'kuyamba kufotokoza mafupa osweka, kapena kuphunzitsa kuti mphamvu ya Mgonero ili pa kumveka kwa mkate ukunyemedwa. Kuzunzika kwa Ambuye n'koona, ndipo kuli ndi mavesi ake amphamvu, Yesaya 53:5 ndi nkhani zonse za pamtanda. M'mawu a Mgonero imfayo ikumveka mu hyper hymon, chifukwa cha inu, ndi m'chikho cha mwazi. Sikufunika kuumiriza klao kuti anyamule katundu amene si wake. Paulo mwini, pomasulira mkate umene timanyema pa 1 Akorinto 10:16-17, akukamba za chiyanjano: mkate ndi umodzi, ife ambiri ndife thupi limodzi, pakuti tonse tilandirako ku mkate umodziwo. Ndipo mlandu wa Akorinto m'chaputala 11 unali wakuti ena ankakhuta pamene ena ali ndi njala. Mpingo umene ukunyema mkate koma osagawana ndi umene Paulo akuudzudzula.

Musafulumirenso kunena kuti paliponse pamene pali klao ndi Mgonero wa Ambuye. Pa Machitidwe 27:35 Paulo anatenga mkate, nayamika Mulungu pamaso pa onse, ananyema, nayamba kudya, ndipo anthu 276 a m'chombomo, ambiri osakhulupirira, analimba mtima nadya. Ine ndimaona ngati chakudya wamba chodyedwa mwa mwambo wa Myuda wopembedza, ngakhale Luka wachilemba ndi mawu okumbutsa mgonero. Pa Machitidwe 20:7, pamene anasonkhana ku Troa tsiku loyamba la sabata klasai arton, kuti anyeme mkate, cholinga cha msonkhano ndi kunyemako, ndipo apa mwambo wa mpingo ukuoneka bwino. Didache, kabuku ka malangizo a mpingo woyambirira, kamalamula kusonkhana pa tsiku la Ambuye ndi kunyema mkate ndi kuyamika, ndipo kamatcha mkate wa Ukaristiya klasma. Mneni ndi yemweyo ponseponse. Chosiyanitsa ndi anthu, malo ndi cholinga.

Pomwe mwafikapa, kuphunzira nokha kukufuna wokuthandizani pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuwerenga tizilembo ta m'munsi mwa tsamba la Chipangano Chatsopano cha Chigiriki, monga cha Nestle-Aland kapena cha United Bible Societies, pamene pamalembedwa kuti ndi malemba ati ali ndi mawu ati. Tizizindikiro take n'tovuta kutizolowera popanda wokulozerani, koma mphunzitsi wa Chigiriki wa kusukulu ya ubusa, kapena abusa anu ngati anaphunzira bwino, akhoza kukutsegulirani masana amodzi, ndipo 1 Akorinto 11:24 ndi vesi labwino loyambira. Zithunzi za Codex Sinaiticus zili pa intaneti kwaulere, mukhoza kudzionera nokha. Chachiwiri ndi dikishonale. Ngati yanu ndi ya Chigiriki chakale chonse, idzakupatsani matanthauzo a Homer ndi a ku Athens pamodzi, ndipo mudzasokonezekanso monga zinachitikira ndi klaio. Pezani ya Chipangano Chatsopano, n'kumagwiritsa ntchito yakaleyo pofuna mbiri ya mawu. Mneni aliyense watsopano muzimuloweza ndi maonekedwe ake akuluakulu, osati oyamba okha.

Za mawu onenedwa pa Mgonero mumpingo mwanu, amenewo ali m'manja mwa abusa ndi mabwalo a mpingo, malinga ndi buku lanu la chipembedzo. Ngati mukuona kuti pakufunika kukonza, kambiranani ndi abusa panokha, mutatenga Buku Lopatulika ndi mavesi a Yohane 19, ndipo muwasonyeze aneni atatuwo, klao, katagnymi ndi syntribo, aliyense pa vesi lake.